Mwana wa mchemwali wanga anamugwira Loweruka, mpaka lero sitikudziwa komwe ali

NaJali_84
Abale anga a pa gulu lino, ndigawireniko nzeru. Mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa zaka 15, anamugwira Loweruka masana mumsika waukulu wa Zomba, akuti anatenga foni ya mayi wina wa kaunjika. Anatiuza ndi mnzake amene amagulitsa naye majumbo. Lero ndi Lachiwiri. Ndayenda pa polisi ziwiri, konse akutsegula buku n'kundiuza kuti dzina limeneli mulibe. Mayi ake ali kumudzi ku Jali, ndi odwala BP, ndawanamiza kuti mwana ali bwinobwino kwathu ku Chinamwali koma foni yake yafa. Bodza limeneli silifika Lachisanu. Kodi mwana akamangidwa amapita naye kuti? Ndiyambire pati?

Kabaza_wa_Matawale
Pepani mayi. Mwafikako ku chipatala? Mumsika akakuwa kuti wakuba, manja ndi amene amayamba, apolisi amabwera pambuyo.

NaJali_84
Ndinapita dzulo ku Central, sanagonekedwe. Mtima unakhalako pansi pang'ono.

BamboChikanda
Ndinene mosapsatira. Zaka 15 wayamba kale kusolola mafoni, akafika 20 adzatithyolera nyumba. Musiyeni agoneko pa simenti sabata imodzi, abwerako ali munthu. Ine anandibera foni pa depoti chaka chatha, inali ya ngongole, ndikubwezabe mpaka pano.

NaBanda_Sadzi
A BamboChikanda, mayiwa sanafunse ngati mwana walakwa kapena ayi. Afunsa komwe ali. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

BamboChikanda
Anga ndinawalera ndi mkwapulo, sangafike kumeneko.

NaBanda_Sadzi
Tonse timatero mpaka tsiku limene foni idzalire.

ZaMalamulo_Pang'ono
Mayi NaJali, ine si loya, koma ndinagwirapo ntchito yothandiza anthu pa nkhani za milandu, ndiye ndikuuzani zimene ndikudziwa.

Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 42, amati munthu akamangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo maolawo akathera tsiku limene khoti silikugwira ntchito, aonekere tsiku loyamba limene khoti latsegula. Wanuyo anamugwira Loweruka masana, ndiye pofika dzulo amayenera kukhala ataonekera. Choncho musangozungulira pa polisi pokha. Mawa m'mawa fikani kukhoti la ana, mufunse akalaliki ngati pali fayilo ya mnyamata amene anamugwira mumsika Loweruka pa nkhani ya foni. Tchulani tsiku ndi mlandu, osangoti dzina lokha.

Gawo lomwelo limati womangidwa ali ndi ufulu wolankhula ndi abale ake ndi kuyenderedwa, ndipo mwana asasungidwe pamodzi ndi akuluakulu. Palinso lamulo la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana. Limenelo limati apolisi akagwira mwana adziwitse makolo kapena womulera, adziwitsenso a probation. A probation amenewa amapezeka ku ofesi ya social welfare ya boma. Kwa ine amenewa ndiye khomo lenileni, chifukwa ndi amene amafufuza za kwawo kwa mwana n'kulembera khoti lipoti. Mukawapeza amenewa mwapeza njira.

Pa polisi musathere pa kauntala. Funsani ofesi ya Victim Support, kumeneko kumakhala apolisi oona za ana. Mukakumana ndi ma paralegal (othandiza anthu pa za malamulo) a bungwe la PASI, amene amayendera zitokosi ndi ndende, auzeni nkhaniyi, sakulipiritsani. A Legal Aid Bureau nawo ali ndi ofesi konkuno ku Zomba. Mungathenso kuimba 116, nambala yaulere ya nkhani za ana imene amayendetsa a YONECO.

Ndipo belo ya pa polisi ndi yaulere. Wina akati "mutiganizireko ya sopo kuti atuluke", imeneyo si belo.

Mlonda_Mpondabwino
Zaulerezo zimakoma pa pepala.

ZaMalamulo_Pang'ono
Zoona achimwene. Koma amene akudziwa zolembedwa pa pepalapo samunamiza mophweka ngati amene sakudziwa.

Ndinadutsamo
Mayi, ndikufunseni chinthu chimodzi. Kunyumba kwanuko mwanayo amaopa ndani?

NaJali_84
Amalume ake, achimwene anga aakulu. Ndi aukali zedi. Bwanji?

Ndinadutsamo
Chifukwa n'kutheka kuti sanapereke dzina lake lenileni. Ine anandigwira ndili ndi zaka 14, ndipo atandifunsa dzina ndinatchula la mnzanga wa kusukulu, mudzi ndinatchula wa kutali, n'kunena kuti makolo anamwalira onse. M'mutu mwanga ndimati ndikwapulidwa, anditulutsa, kunyumba osadziwa kanthu. Amayi anayenda milungu itatu akufunsa dzina limene silinalembedwe paliponse.

Ndiye mawa tengani chithunzi chake, ngakhale cha pa foni. Komanso polowa m'chitokosi amavulitsa nsapato ndi lamba, zimakhala mulu panja kapena kuseri kwa kauntala. Yang'anani mulu umenewo. Ngati akulolani, pemphani wapolisi aitane dzina lake la kunyumba, limene mumamuitana mukamamutuma madzi. Limenelo munthu amayankha asanaganize.

NaJali_84
Mayo ine. Sindinaganizeko zimenezi. Anavala masilipasi a buluu, limodzi linaduka ndinamumangira ndi waya ndekha.

MphunzitsiWopuma
Ndiwonjezere pa mawu a ZaMalamulo. Nkhondo yaikulu pa milandu ya ana imakhala ya zaka. Mnyamata akakhala wamtali, mawu atayamba kukula, wolemba amangoyang'ana n'kulemba 18 kapena 19, basi wasanduka wamkulu, njira yake ndi ya kundende. Ndili pa ntchito ndinalemberapo makalata ana awiri otere. Sonkhanitsani lero lomwe chilichonse chosonyeza tsiku lobadwa: kabuku ka kusikelo, buku la kuchipatala, khadi ya ubatizo, kalata ya ahedi ochokera mu kaundula wa sukulu, ngakhale kalata ya amfumu. Kulembetsa ana pobadwa kunayamba kukakamizidwa mu 2015, ndiye ambiri obadwa kale chakacho chisanafike alibe setifiketi, ndipo chiphaso cha unzika amapereka kuyambira zaka 16. Wa zaka 15 amakhala alibe chogwira m'manja. Pakakhala kukayikira, khoti limatha kutumiza mwana kuchipatala kuti akamuyeze zaka, koma kubwera ndi pepala lanu kumafupikitsa ulendo.

Mlonda_Mpondabwino
Koma mwana pa malamulo si wosakwana zaka 16? Ine ndinamva choncho pa wailesi.

ZaMalamulo_Pang'ono
Munamva zoona koma zakale. Lamulo la 2010 lija linkati 16. Mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko, tsopano mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Kumunsi nako kuli malire: wosakwana zaka 10 sazengedwa mlandu n'komwe.

NaJali_84
Kabuku ka kusikelo kali ku Jali, m'sutikesi ya mayi ake. Ndikatenga bwanji osawauza?

NaBanda_Sadzi
Auzeni asisi. Musawauze pa foni, pitani nokha kapena tumani munthu wamkulu akhale nawo pansi. Akadzamva kwa anthu a pa mjigo ndiye BP idzakwere zenizeni.

Chenjerani_Aise
Chenjezo, poti nkhani mwaiika pagulu. Muyamba kulandira mafoni. Wina adzati ndine bwana wa kupolisi, mwana wanu ali ndi ine, tumizani ya mafuta pa Airtel Money kapena Mpamba timubweretse. Anatichita ife mng'ono wanga atasowa. Munthuyo ankadziwa dzina la mwana ndi mudzi, anaziona pa Facebook pomwe tinalengeza. Anaika wina wolira chapatali kuti timve. Tinatumiza kawiri, kachitatu nambala inazima. Musatumize kanthu musanamuone ndi maso, ndipo dzina lake musalilembe pano.

NaJali_84
Zikomo, dzina sinditchula.

Chambo_cha_Kachulu
Ngati wapita ku Chilwa ndiuzeni, ine ndimakhala kunyanja konkuno, ndikamuonereni.

Kabaza_wa_Matawale
Akulu, Chilwa akunenayo si nyanja ayi, musakamufunefune m'mabwato kkkk

Chambo_cha_Kachulu
Ndikudziwa aise, sukulu ya ana olakwa ija. Komabe nyanja ikanakhala ndende bwenzi mu 2018 akaidi onse atathawa wapansi. Inauma mpaka anthu ankayenda pa njinga kupita ku chilumba cha Chisi.

MphunzitsiWopuma
Inaumanso mu 1995, ndinali ndikuphunzitsa chakumeneko. Matemba anasowa, ana ambiri anasiya sukulu n'kupita m'tauni kukagulitsa zinthu. Nyanja ija ikauma, misika ya m'tauni imadzaza ana.

Chambo_cha_Kachulu
Panopa madzi alipo, koma mtengo wa matemba musafunse.

NaBanda_Sadzi
Abambo inu, za matemba mutsegule ulusi wanu. Mayi akufuna mwana.

ZaMalamulo_Pang'ono
Tibwerere. Ku Chilwa sangafikeko msanga chonchi popanda chilolezo cha khoti. Malo a boma osinthira khalidwe la ana odziwika ndi awiri, Chilwa kuno ku Zomba ndi Mpemba ku Blantyre, ndipo onse ali pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, osati a ndende. Kawirikawiri ocheperapo amapita ku Mpemba, okulirapo ku Chilwa. Anthu amasokoneza malo amenewa ndi ndende za achinyamata monga Bvumbwe ku Thyolo kapena Mikuyu kuno. Zimenezo ndi ndende, zili m'manja mwa a Prison. Mu 2018 khoti lalikulu ku Blantyre linagamula kuti ana amene ankasungidwa ku Bvumbwe ndi ku Kachere achotsedweko, chifukwa lamulo silola mwana kukhala kundende. N'chifukwa chake nkhani ya zaka ija a Mphunzitsi aikakamira. Nambala imodzi yolakwika pa fayilo imasintha galimoto imene mwana akwere.

Komanso pa mlandu wa foni imodzi, mwana woyamba kulakwa, pali mwayi woti nkhani isafike patali. Lamulo limalola kuupatutsa mlandu: mwana avomere kulakwa, apepese, katundu abwezedwe kapena alipidwe, kenako azimuyang'anira ali kunyumba. Koma kuti zimenezi zitheke pamafunika wamkulu woimirira n'kunena kuti mwanayu ndi wanga, ndimutenga. Mwana wopanda womuimirira ndi amene amakhalitsa.

BamboChikanda
Ndiye wobedwayo apindula chiyani? Malamulo anuwa amakonda akuba.

ZaMalamulo_Pang'ono
Foni yake kapena ndalama yake. Inuyo amene anakuberani pa depoti akanakhala kundende, ngongole yanu ikanatha?

BamboChikanda
Mtima ukanaphwa.

Mwinimbumba_Thondwe
Funso langa ndi lina. Pa zonsezi amalume ali kuti? Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Mayi aang'ono akuyenda okha m'mapolisi pamene mwini wake wa mwana alipo? Ngakhale akhale aukali chotani, auzidwe. Ukali wa malume umathera pakhomo, kubwalo amakaimira mbumba yake.

NaJali_84
Ndawauza usiku uno. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati "ameneyo si mwana wanga, ndinamuletsa za mumsika." Bambo ake a mwanayu anapita ku Joni ali wakhanda, sanabwerenso.

Mwinimbumba_Thondwe
Asiyeni agone nawo mawuwo. Chibale ndi fupa.

ZaMalamulo_Pang'ono
Khoti silifunsa kuti malume ndani. Limafuna kholo kapena amene akumulera. Ngati amagona kwa inu ndi kudya kwa inu, mayi NaJali, ndinu okwanira.

Mwinimbumba_Thondwe
Khoti lingakhutire, koma mwana akatuluka sabwerera kukhoti, abwerera kumudzi.

MayiWaAnyamata3
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndilankhuleko poti ine wanga ali kumalo otere chaka chachiwiri tsopano. Sinditchula malo. Mlandu wake unali waukulu kuposa wa foni, sindimuikira kumbuyo.

Kumupeza kunali kovuta, koma chovuta kwambiri ndi kusamutaya mutamupeza. Miyezi yoyamba ndinkapita pafupipafupi. Kenako thiransipoti inandikwerera, geni ya tomato inagwa, ndinakhala miyezi inayi osaponda. Nditapita ndinamupeza watalika, anandipatsa moni ngati mlendo, maso ali pansi. Anandifunsa chinthu chimodzi chokha: "Mbuzi yanga ija munagulitsa?" Ndinali nditagulitsadi, ndalama yake ndi imene ndinakwerera. Ndinamuuza zoona. Sanayankhe, koma pochoka anandiperekeza mpaka pomwe amaloledwa kufika.

Chimene ndaphunzira ndi ichi. Khalani ndi nambala ya wa social welfare amene ali ndi fayilo ya mwana wanu, ndipo musamangoimba pakakhala vuto. Musananyamuke funsani tsiku loyenera kubwera ndi zimene amalola kulowetsa, kuti musabwerere nazo pa geti. Ine ndimatenga sopo, mafuta odzola, shuga, chiponde, makope ndi mapensulo. Ndikalephera kupita ndimalemba kalata, ang'ono ake amajambulapo tizithunzi kumunsi, n'kupatsira aliyense wopita chakumeneko. Tinapezana amayi atatu a ana a kumeneko, tsopano timasinthana: wopita amanyamula za onse, pobwera amatiuza mmene wawaonera. Mukasintha nambala kapena kusamuka, kawauzeni a ofesi tsiku lomwelo. Pali bungwe limene limaunikanso milandu ya ana kuti lione woyenera kutuluka, ndipo amafuna kudziwa ngati kwawo kuli womulandira. Akakusowani, mwana amakhalabe komweko.

Panopa akuphunzira ukalipentala. Ulendo watha anandipatsa kampando kakang'ono, mwendo umodzi waufupi, ndimakhalira komweko posankha tomato.

NaBanda_Sadzi
Mayi mwandiliza.

Ndinadutsamo
Zimene anena mayiwa ndi zoona zokhazokha. Kumene ndinali ine, tsiku la alendo tonse tinkasamba m'mamawa, ngakhale amene tinkadziwa kuti kulibe wobwera. Umakhala pansi pa mtengo kumayang'ana kunjira, ukunamizira kusoka malaya. Amene sankayenderedwa ndi amene ankathawa, ndipo akathawa sankapita kwawo, ankapita m'tauni. Amayi atandipeza anandisiyira chitenje chawo chakale kuti ndizifunda. Chinkanunkha utsi wa kukhitchini kwathu. Sindinachichape mpaka fungo linatha lokha.

Pano ndili ndi zaka 31, ndimawotcherera mageti ndi mawindo. Ndili ndi ana awiri.

BamboChikanda
Inuyo munasintha, chabwino. Si onse.

Ndinadutsamo
Si onse, bambo. Ena mwa anzanga aja ali m'manda, ena ali kundende ya Zomba Central. Sindikukana.

Kabaza_wa_Matawale
Mayi NaJali, mawa ndili pa siteji ya Matawale kuyambira 6 koloko. Ndilembereni ku inbox, ndikuzungulitsani kukhoti ndi ku social, mungothira mafuta.

NaJali_84
Abale, ndabwera. Wapezeka.

Ndiyambe ndi kuthokoza a Kabaza, anandidikira dzuwa lonse osadandaula. Tinayamba kukhoti, fayilo kunalibe. Ku social anatilandira bwino, mayi wina anandipatsa nambala ya paralegal, ndipo ameneyo anati tibwerere limodzi pa polisi ina mwa ziwiri zija, yomwe ndinapitako Lolemba. M'buku dzina munalibe ngati kale. Ndinapempha kuona nsapato. Anandiyang'ana ngati wamisala koma anandilola. Pansi pa benchi, pakati pa nsapato za anthu akuluakulu, silipasi ya buluu ya waya wanga uja. Miyendo inandithera mphamvu, ndinangokhala pansi pomwepo.

A Ndinadutsamo, munalondola. Analembetsa dzina la bambo ake a ku Joni aja, limene sitiligwiritsa ntchito n'komwe, mudzi anatchula wa ku Machinga. Zaka apolisi analemba 19, iye akuti sanamufunse. Anali m'chitokosi chimodzi ndi akuluakulu masiku onsewa. Atamuitana dzina la kunyumba anatuluka, mlomo wotupa wa kumenyedwa mumsika, malaya ong'ambika paphewa. Atandiona anabisa nkhope kukhoma. Ndinali nditatenga nsima ndi nyemba m'kontena, apolisi anandiuza ndilawe kaye ndisanampatse, ndiye anadya chilili osatafuna.

Paralegal uja analankhula ndi akuluakulu a pamenepo, anamuchotsa kwa akuluakulu kuja. Akuti tibwere ndi umboni wa zaka mawa, a probation abweranso. Foni inapezeka, ili ndi apolisi, galasi losweka. Mwanayo wavomera kuti anatengadi.

Madzulo ano ndinapita ku Jali. Mchemwali wanga ndamuuza ndili naye pamphasa, apongozi ake ali pomwepo. Analira, koma sanagwe. Anatsegula sutikesi yekha n'kundipatsa kabuku ka kusikelo, mphemvu zinadya m'mbali koma tsiku lobadwa likuoneka.

MphunzitsiWopuma
Kajambulitseni kawiri musanakapereke. Chenichenicho muzingoonetsa, chisachoke m'manja mwanu.

ZaMalamulo_Pang'ono
Nkhani yabwino. Mawa onetsetsani kuti zaka ndi dzina zakonzedwa pa fayilo penipenipo, osati pakamwa pokha, ndipo lembani nambala ya fayiloyo ndi dzina la wa probation. Za masiku amene wakhala osaonekera kukhoti komanso kusakanizidwa ndi akuluakulu, muuzeni paralegal uja azitchule pamaso pa majisitireti. Ngati mungathe, kaonaneni ndi mayi wa kaunjika uja mwaulemu, mutenge munthu wamkulu. Mawu ake adzalemera pa nkhani yopatutsa mlandu.

BamboChikanda
Galasi la foniyo mukonzetse ndinu, osati mayi wa kaunjika. Pali mnyamata wina pafupi ndi depoti amakonza motchipa, ndikutumizirani nambala ku inbox.

NaBanda_Sadzi
Ehe, a BamboChikanda mtima uli nawo ndithu kkkk

Mwinimbumba_Thondwe
Nanga amalume?

NaJali_84
Sanalankhulebe nane. Koma akazi awo abwera posachedwapa ndi bulangete ndi malaya awiri, akuti awauza kuti mawa tinyamuke 7 koloko, iwo akatipeza konko akachoka ku ntchito. Funso lina abale: bulangete amalola kulowetsa, kapena ndingotenga juzi?

Ndinadutsamo
Tengani zonse ziwiri, akakana chimodzi china chilowa. Juziyo ikhale yopanda chingwe.